Nthata za Pansi pa Chikopa cha Agogo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, kapena kupitirirapo pang'ono, poti kalelo msinkhu wa mnyamata ankauyeza ndi ng'ombe zimene angathe kuweta yekha. Ine ndinkaweta khola lonse la bambo anga, a Ngozo, m'mapiri a ku Biriwiri, ndipo palibe ng'ombe imene inadyapo chimanga cha munthu ine ndili pomwepo. Wotsutsa akafunse. Sukulu ndinangoinunkhiza, yongokwanira kulemba izi mukuwerengazi, koma nkhani ya agalu musandiphunzitse ayi. Imeneyo ndinaiphunzira chibonga chili m'mwamba.

Galu wanga dzina lake anali Mawanga. Amene anandipatsa ndi amalume, akali kamwana kokwana m'chipewa, ndipo anakulira m'manja mwanga: woyera, wa mawanga akuda, khutu limodzi loimirira lina logwa. Kubusa tinkagawana mbatata yootcha. Anyani akatsika m'phiri kudzathyola chimanga, Mawanga ndiye ankayamba kuwamva, ine n'kumatsatira pambuyo ndi miyala. Anzanga anali ndi agalu awo, inde, koma aja anali agalu a dzina lokha.

Chaka chimenecho mvula inachedwa kusiya, ndipo chisanu chitangoyamba pakhomo pathu panabuka nthata, tizilombo tija todumpha timene ena amati utitiri. Tonse zinkatiluma, koma zinakonda mlongo wanga Elube, amene anali atangoyamba kukwawa. M'miyendo mwake ndi m'khosi munali timatuza tofiira tokhatokha. Ankadzikanda mpaka magazi, zilonda zina n'kuyamba mafinya, thupi n'kumatentha. Mundimvetse bwino pamenepa. Pakati pa ine ndi Elube panabadwa ana awiri, ndipo onsewo tinawaperekeza kumanda asanayambe kuyenda. Choncho mwana akangotentha thupi, m'nyumba mwathu munkakhala zii ngati maliro afika kale.

Bambo sankakalipa. Munthu wokalipa umadziwa kolowera. Iwo ankayankhula motsitsa, ndipo chimene anena chinkachitika. Tsiku lina m'mawa, ngolo itapakiridwa kale kachewere woti akasinthanitse ndi mpunga kuchigwa cha Bwanje, anandiitana m'nyumba. Anali atakhala pachikopa chawo cha ng'ombe pakona, Elube ali pamiyendo pawo, akumuyang'ana zilonda chimodzichimodzi. Anati nthata sizimera m'nthaka ngati bowa, zili ndi wozibweretsa, ndipo wozibweretsayo tonse tikumudziwa.

"Ndibwera Loweruka," anatero. "Ndikadzapeza mwanayu walumidwa mwatsopano, galu wako ndidzathana naye ndekha."

Chibonga sanachitchule. Anangokweza maso n'kuyang'ana pomwe chinkakolekedwa, pamwamba pa chitseko, chija cha mutu wakuda chimene ankavinira ngoma. Ndinali nditachionapo chikugwira ntchito ina. Galu wa mnansi wathu atachita chiwewe, amuna onse anakwera pankhokwe, bambo okha ndi amene anamudikira panjira. Anamenya kamodzi.

Ngolo isanazimiririke n'komwe ndinali kale kudimba, ndikuthyola masamba a ombwe pampanda. Anyamata a kubusa tonse tinkawadziwa masamba amenewo: ndi omwe tinkasambitsira ana a ng'ombe akadzaza nkhupakupa tsiku lokasambitsa ng'ombe m'mankhwala kudibi lili kutali. Ndinawasinja pamwala, osati mumtondo wa amayi, poti ndikanafa ine galu asanafe. Ndinawaviika m'chimphika chong'aluka kukamwa mpaka madzi anabiriwira n'kuchita thovu. Kumtsinje sindinapite naye, chifukwa madzi a ombwe amapha nsomba, ndipo eni ake a miono akanandipeza. Ndinamusambitsira pamtunda, padzuwa, ndikumutchinga maso ndi pakamwa ndi dzanja. Nthata zinkayoyoka ngati mawere. Nkhupakupa ndinazizula m'makutu ndi pakati pa zala, zina zonenepa ngati nsatsi, n'kumaziponya pamoto zikuphulika. Madzulo ake Mawanga anali woyera ngati malaya a ku tchalitchi, ndipo ine ndinayenda m'mudzi chifuwa chili patsogolo.

Mawa lake madzulo ndinamugoneka chagada kuti ndimuonetse mnzanga wa kubusa ntchito yanga. Pamimba pake, paja pamakhala ubweya wochepa, nthata zinali zikuthamanga.

Ndinaganiza kuti vuto ndi pogona pake. Ankagona kuseri kwa khitchini pachiguduli. Chigudulicho ndinachitentha, pamalopo ndinasesa, amayi anandiwiritsira madzi ndinathirapo, n'kuwazapo phulusa. Ndinamusambitsanso. Paja chisanu cha ku Biriwiri mumachidziwa, cholowa m'mafupa. Galu ankanjenjemera mpaka mano kugundana. Kuyambira tsiku limenelo akandiona ndanyamula chimphika ankapinda mchira n'kuthawira pansi pa nkhokwe. Zimenezo zinandiwawa kuposa mawu a bambo, chifukwa ndinalibe njira yomuuzira kuti ndikumenyera moyo wake.

Koma nthata zinabwereranso. Elube naye m'mawa uliwonse ankadzuka ndi timatuza tatsopano. Mnzanga uja anandiuza kuti ndikamubise galuyo kwa amalume, ndidzanene kuti wadyedwa ndi fisi. Ndinamuyankha kuti Mawanga si mbuzi. Ungamusiye kuseri kwa mapiri angati, dzuwa likamalowa umupeza ali pakhomo akukudikira. Ndinapempha amayi kuti Loweruka adzamukulunge mwanayo m'nsalu n'kumusunga kumsana. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti iwo anaika kale ana awiri, sangabise chilonda cha wachitatu chifukwa cha galu. Ankanena zoona.

Chimene chinanditsegula maso ndi ichi. Chiyambire chisanu, Mawanga anali ndi kachizolowezi kosowa kubusa dzuwa likafika pamutu, n'kudzatulukira ng'ombe zikamamwa madzi. Ndinkayesa amakasaka mbewa. Tsiku limenelo ndinasiyira mnzanga ng'ombe n'kumutsatira chapatali. Kuthengo sanalowe. Anatsata njira ya kumudzi, molunjika, ngati munthu amene waitanidwa. Pakhomo panalibe munthu: amayi anali kudimba, Elube ali kumsana. Chitseko chathu chinali cha bango, ndipo m'munsi mwake chinali chitadyeka. Galu anagona chafufumimba, n'kudzikoka, n'kulowa.

Nditatsegula ndinamupeza atadzipinda pachikopa cha bambo, mphuno ili kumchira, ali m'tulo ngati munthu amene walipira kale msonkho.

Tsono chikopacho ndikufotokozereni, chifukwa ana a masiku ano mungayese chinali mphasa wamba. Agogo anga aamuna, bambo a bambo, atamwalira, panaphedwa ng'ombe ziwiri. Chikopa chimodzi anakulungiramo thupi lawo monga mwa mwambo wathu wa Chingoni. China, cha nkhunzi yawo yofiira imene ankaikonda, chinatsala kwa bambo. Anachiyala pakona posafika mphepo, ndipo m'mawa uliwonse ankakhalapo n'kupemphera, poti anali munthu wa tchalitchi, koma bambo awo sanawataye. Chiyalireni sichinanyamulidwepo. Ife ana kupondapo kunali koletsedwa. Amayi ndiye kutalitali. Iwo anali mtengwa, bambo anawalowola ndi ng'ombe n'kubwera nawo pamudzi pathu, ndipo mtengwa satchula dzina la apongozi ake aamuna, sakhudza chinthu chawo, ali moyo kapena atapita. Ankasesa mozungulira. Pozira nyumba ankazira mozungulira, chaka ndi chaka, mpaka dothi la m'mbali linakwera, chikopa n'kukhala ngati chili m'mbale.

Galu ndinamuthamangitsa ndi mawu okha, poti kuti ndimukoke ndikanapondapo. Ndili chiimire pomwepo ndinamva miyendo ikunyerenyetsa. Kuyang'ana pansi, akakolo anga anali bii ndi nthata. Ndinagwada, tsaya kufika pansi, n'kusuzumira pomwe mphepete ya chikopa inapindikira m'mwamba. Munali fumbi la zaka, ubweya wothothoka, timadontho toyera ngati mchere wosinja, ndi timphutsi tating'onoting'ono tikuyendayenda. Ndiye kuti ine ndinkasambitsa galu m'mawa, iye masana n'kudzatapa zina pachikopa, nkhokwe yake ya nthata. Ndipo mphasa ya Elube amayi ankaiyala chapafupi pomwepo, poti ndi pomwe panali potentherako.

Amayi atabwera ndinawauza. Sindinamalize n'komwe, anandigwira pakamwa ndi dzanja lonunkha anyezi, n'kuyang'ana kuchitseko ngati bambo ali panja. Kenaka anakhala pansi. Anandiuza monong'ona kuti iwo anali ataona kale kuti bambo akamachoka popemphera amakanda akakolo, koma anangozisunga mumtima.

"Ndikawauze kuti chiyani abambo akowo?" anatero. "Kuti abambo awo ali ndi nthata? Ine mtengwa? Mawa lake ndili panjira ya kwathu."

Chimene anatha kuchita ndi kusuntha mphasa ya mwana kupita nayo kukona ina. Koma nyumba inali imodzi, ndipo nthata sizifunsa njira.

Ndinaganiza zochikoka ndekha chikopacho, kuchitulutsa bambo asanabwere. Ndinafika mpaka potambasula dzanja. Koma dothi la m'mbali lija likanasweka, bambo akanadziwa polowa pomwe, ndipo pamenepo galu akanafa ndithu, amayi n'kufunsidwa kuti anali kuti. Komanso agogo aja ndinkawaopa, ngakhale ndinkangowakumbukira ndevu zokha.

Munthu mmodzi yekha ndiye akanatha kuchigwira osafunsa wina: azakhali anga a Nangozo, mlongo wawo wamkulu wa bambo, mwana woyamba wa malemuwo. Anakwatiwa kuseri kwa phiri, kufupi ndi malire a dziko. Lachisanu ndinamusambitsa Mawanga komaliza, ndinamumangirira kukhola paudzu watsopano kuti asayandikirenso nyumba, ng'ombe ndinasiyiranso mnzanga uja pomulonjeza legeni yanga, n'kuuyamba ulendo.

Ndinawapeza akukumba kachewere. Anali mayi wamfupi, wa fodya wa m'mphuno, ndipo pakamwa pawo anthu ankapaopa kuposa njuchi. Anamvetsera nkhani yonse atatsamira khasu. Nditamaliza anaseka mpaka kutsokomola.

"Phiri lonseli wakwera chifukwa cha galu?"

Ndinati ndabwera chifukwa cha Elube.

"Usandinamize iwe, ndinakusambitsa uli wofiira. Wadzera galu wako. Koma mwanayo ndi wathu, ndibwera." Ananunkhiza fodya wawo, n'kundiloza ndi chala. "Tsono umve. Ine sindikayamba. Ndikayamba ine, mlongo wangayo adzati akazi apangana. Galu ndi wako, pakamwa ndi pako. Ukakakhala chete, nanenso ndikakhala chete, galuyo tidzamuika bwinobwino."

Pobwerera ndinkangoganiza za mawu. Mawu otere ndingawanene bwanji kwa a Ngozo? Ndipo ngakhale nditawanena, mawu a mwana ndi mphepo. Panafunika chinthu choti maso awo aone okha. Khungu langa ndi lakuda, nthata nazo zakuda, patali sizioneka. Pamenepo ndi pomwe ndinaganiza za phulusa. Nzeru imeneyo sanandipatse munthu ayi, ndi ya m'mutu uno.

Loweruka azakhali anafika m'mawa, anakhala pakhonde n'kumasankha nyemba m'lichero pamodzi ndi amayi, nkhani zawo za maukwati ndi za mitengo ya nsalu, ngati kunja kulibe kanthu. Ine ndinakanda phulusa loyera ndi madzi m'phale, ndinabisa kuseri kwa khitchini. Dzuwa litapendeka tinamva magudumu a ngolo akulira kumtunda.

Bambo sanafulumire. Anamasula ng'ombe pagoli, anatsitsa matumba a mpunga, analonjerana ndi mlongo wawo mwaulemu wonse, anasamba m'manja. Kenaka anatambasulira manja kwa amayi. Amayi anamasula nsalu n'kuwapatsa mwana. Anamuvula kamalaya, anamutembenuza, anayang'ana m'khosi, m'khwapa, kuseri kwa mawondo. Zilonda zatsopano zinalipo, zofiira, zosabisika. Anamubweza mwana kwa mayi wake, analowa m'nyumba, anatuluka chibonga chili m'manja.

"Kamutenge galuyo," anandiuza.

Ndinapita kukhola. Ndinamasula chingwe, n'kubwera naye. Mawanga atawaona bambo anayamba kugwedeza mchira, chitsiru cha galu, kukondwera kuti abwera. Ndinayang'ana kwa azakhali. Maso awo anali m'lichero, akutola timiyala.

Ndinamangirira chingwe pamzati wa khonde, ndinagwada. Sindinati bambo. Ndinawaitana ndi mfunda wawo, monga amachitira amuna pabwalo.

"Ngozo! Ndipempheko chinthu chimodzi asanafe."

Mawu anatuluka aakulu, nkhuku zinabalalika, ndipo anthu a nyumba zoyandikana anasuzumira pamipanda. Amene amadandaula kuti ndimayankhula ngati ndili kutsidya la mtsinje adziwe kuti mawuwa ndinawapeza tsiku limenelo, ndipo sindinawabweze.

Bambo anati ndinene. Ndinapempha kuti ayambe amufufuza galuyo. Anamugudubuza ndi phazi, anawerama, anapatula ubweya pamimba ndi kuseri kwa makutu. Sanapeze kanthu. Anati zimenezo n'zosadabwitsa, galu wosamba dzulo amaoneka choncho, umboni ndi mwana. Ndinathamangira kuseri kwa khitchini, ndinadzipaka phulusa lija kuyambira kumapazi mpaka m'mawondo, ndinatulukira ndili mbuu ngati ndagwera m'thumba la ufa. Palibe anaseka. Ndinalowa m'nyumba, ndinaima pambali pa chikopa, osachikhudza, n'kugogoda pansi ndi chidendene. Ndinaimba mumtima ndime imodzi ya nyimbo ya ku tchalitchi kuti ndisathawe msanga. Nthata zinkakwera ndikuzimva, ndipo poti phulusa linali likadali lonyowa, yodumphira inkakanirira pomwepo.

Nditatuluka padzuwa, miyendo yanga inali ngati ufa umene wina wawazapo mawere. Bambo anayang'ana miyendoyo, n'kundifunsa.

"Unaima pati?"

Amayi anadzuka, anabereka mwana, anazungulira kuseri kwa nyumba.

"Pambali pa chikopa cha agogo," ndinatero.

Ndinaona zala za bambo zikufinya chibonga. Anayankhula motsitsa kwambiri, moti ndinachita kutchera khutu kuti ndimve.

"Ukuti bambo anga ndi amene akudya mwana wanga?"

"Iyayi, Ngozo. Amene anazibweretsa ndi Mawanga. Amalowa masana pansi pa chitseko n'kugona pachikopapo. Koma zaswana pansi pake, ndipo ndi pomwe zikuchokera. Mukamupha lero, mawa Elube alumidwabe, ndipo galu wina woti muphe simudzakhala naye."

Nditangotseka pakamwa ndinazindikira chimene ndachita. Ndinali nditawauza ndekha, pamaso pa anthu, kuti galu wakhala akugona pachikopa cha bambo awo. Mlandu unali umodzi, ine ndawonjezerapo wina. Nkhope yawo inasintha. Anaponda chingwe pafupi ndi khosi la galu kuti asasunthe, dzanja linakwera. Mawanga anagona pansi, makutu onse awiri atagwa. Ine ndinamugwera pamsana n'kumukumbatira, phulusa, nthata ndi zonse, ndinatsinzina.

"Mlongo wanga."

Anali azakhali. Sanadzuke, sanakweze mawu, ankatolabe timiyala. Ndipo m'dziko lonse ndi iwo okha amene akanatha kunena kuti iwe kwa a Ngozo anthu akumva.

"Bambo athu aja ankasamba kumtsinje m'mamawa nyengo ya chisanu, ife tikubisala m'mabulangete. Chishango chawo ankachitulutsa padzuwa, zovinira zawo ankazikutumula okha, uve sankaufuna. Iwe wawakhazika pakona zaka zonsezi, dzuwa osaliona, mkazi wako akuopa kusesa, mpaka asanduka khola la nthata. Ndiye umati ukuwalemekeza? Wowachezera masana anali galu yekhayu. Muphe, atsale okha."

Ndinatsegula diso limodzi. Chibonga chinali chikadali m'mwamba, koma bambo sankayang'ananso galu, ankayang'ana kuchitseko.

Azakhali anaika lichero pansi, anakutumula chitenje, analowa m'nyumba. Tinawamva akuomba m'manja pang'onopang'ono, akunena mawu a Chingoni aja timangowamva pamaliro. Kenaka anaitana bambo.

"Dzagwire mbali inayi. Ndi bambo ako nawenso, sindinyamula ndekha."

Bambo anachotsa phazi pachingwe. Analowa.

Anachitulutsa awiriwo, chouma gwa ngati chitseko, fumbi likuyoyoka, n'kukachipachika pampanda wa khola, kutali ndi nyumba. Kunsi kwake sindifuna kufotokoza. Osuzumira pamipanda aja anabwerera m'mbuyo okha. Bambo anaima patsogolo pake, chibonga chikadali m'dzanja, poti anali ataiwala kuchisiya. Anayang'ana chibongacho, anayang'ana chikopa. Kenaka anamenya. Fumbi linakwera ngati utsi wa lupsa. Anamenyanso, n'kumenyanso, mpaka malaya ananyowa ndi thukuta, ndipo chibonga chikagwa Mawanga ankadzidzimuka m'manja mwanga, nanenso chimodzimodzi. Madzi amene ndinaona akutsika m'masaya mwawo mwina anali a fumbi. Sindinawafunse.

Atatopa anaitana amayi, anati alowe akasese. Amayi anafunsa, maso ali pansi, ngati akunena ndi pakona pomwe.

"Ponse," anatero bambo.

Tsiku limenelo m'nyumba munalowa madzi owira ndi phulusa, mphasa ndi mabulangete zonse zinatuluka panja. Lolemba amayi anakatenga dothi latsopano kudambo n'kuzira nyumba yonse, khoma mpaka khoma, popanda kuzungulira kanthu. Chikopa tinachitsuka ndi madzi a ombwe ine ndi bambo, ndipo ndi tsiku limene ndinachikhudza koyamba. Chitauma anachikoleka kudenga, n'kumachitsitsa pokhapokha akafuna kupemphera. Nthata sizinathe tsiku limodzi ayi, musamve zabodza. Zinkatulukabe zina zimene zinali m'mazira, ndipo tinasesa ndi kuthira madzi otentha mpaka chisanu chinatha. Elube amayi anapita naye kuchipatala cha mishoni, anamupaka mankhwala, zilonda zinauma, thupi linazizira.

Kundiyamikira bambo sanandiyamikire. Anandipatsa bango ndi luzi kuti ndikonze chitseko, n'kundiuza kuti Loweruka lililonse galu asambe, pogona pake pasesedwe, udzu wakale utenthedwe, ndipo akadzangolowanso m'nyumba chibonga chidzayambira pa ine. Mawanga anafa ndi ukalamba, ine nditamera kale ndevu.

Lero, m'nthawi ya matipate ino, dibi la kwathu linauma, mumagona mbuzi. Mankhwala a agalu ndi amphaka ali m'masitolo, m'timabotolo, ndipo ndi abwino, sindikutsutsa. A njoka za m'mimba aliponso. Bola kufunsa alangizi a ziweto, osati kutapa a ng'ombe n'kuthira pamphaka monga anachitira wina wake kuno, mphaka n'kuuma gwa. Koma anyamata amabwera kwa ine akudandaula kuti awagulitsa mankhwala achinyengo, galu amusambitsa n'kumusambitsanso nthata zabwerera, ena mpaka kutukwana boma. Ine ndimawafunsa funso limodzi, mokweza kuti amve ndi a kutsidya omwe: amagona pati? Sindikunena pomwe mumamugoneka inu. Pomwe amagona iye, inu kulibe. Mukapita kukaona, kawirikawiri ndi pamalo pomwe tsache limaopa: pansi pa mipando ya pabalaza yosungira alendo, kuseri kwa matumba a chimanga, pajekete lakale la mwini nyumba limene mkazi analetsedwa kulitaya.

Elube ali moyo, ndi gogo tsopano, amalima mpunga ku Bwanje. Tizipsera tili m'miyendo mwake mpaka lero. Akabwera kudzacheza amauza adzukulu anga kuti mlongo wake anadziponya pansi pa chibonga chifukwa cha galu, osati chifukwa cha iye. Ndimangomusiya, poti azakhali ananena kale zomwezo.

Chikopa chija chili kwa ine. Ubweya unatha m'malo ambiri, kufiira kwatsala m'mbali mokha. Mtengwa wanga, mkazi wa mwana wanga wamkulu, ndi mwana wa makhalidwe, sachikhudza, ndipo sindimukakamiza. Kale ndinkayesa kuti tsiku lija ndinawagonjetsa bambo. Pano ndikudziwa kuti iwo ankaopa kuika mwana wachitatu, ndipo munthu wa mantha amamenya chimene chili pafupi, chosatha kuyankha. Kupha galu kunali kosavuta. Chovuta chinali kunyamula chinthu chimene ankachilemekeza n'kuyang'ana pansi pake, mudzi ukuonerera, mwana wawo atawauza. Iwo anachita zimenezo. Ndiye Loweruka lililonse, ngakhale msana ukuwawa, ndimachinyamula ndekha, ndimakachipachika padzuwa, n'kuima pakhomo n'kukuwa kuti mtengwa amve ngakhale ali kudimba: bwerani mudzasese, mayi. Ponse.